Chilembo chimodzi, mayiko awiri

Ndinaphunzira kulemba ku Muloza, tsidya la Malawi, kumene tinathawira nkhondo itafika ku Milange mu 1986. Aphunzitsi kumeneko ankati "chimanga". Sindinkadziwa kuti mu 1988 akatswiri a zilankhulo anakumana ku Maputo n'kugwirizana kuti kwathu kuno tizilemba "cimanga".

Kusiyanaku n'kwakale. Buku Lopatulika, limene agogo ankawerenga, linkalemba "c". Mu 1968 boma la Kamuzu Banda linasintha dzina la Chinyanja kukhala Chichewa, kenako Chichewa Board inakhazikitsa malamulo a kalembedwe okhala ndi "ch". Mozambique ndi Zambia anasunga dzina lakale lija pamodzi ndi "c" wake.

Mkangano umenewu ndinaupezanso pa Wikipedia ya chilankhulo chathu, imene amalemba anthu ongodzipereka, osalipidwa. Ndinaona nkhani ina yolembedwa ndi "c", ndinaikonza poganiza kuti ndi zolakwika. Mwiniwake anabwezera. Ndinakonzanso, iye n'kubwezeranso. Mdzukulu wanga ndiye anandigwira dzanja: "Agogo, ku Wikipedia ya Chingerezi munthu akabweza zolemba za mnzake kopitirira katatu pa maola 24, amatha kumutsekera kuti asalembenso kwa kanthawi."

Kutsekeredwako sikunandiopse kwenikweni. Chinandichititsa manyazi n'chakuti munthu amene ndinkalimbana naye ankalemba monga amalembera a dziko langa lomwe, ine n'kumamuphunzitsa za kusukulu ya kothawira. Nkhaniyo ndinaisiya ndi "c" wake. Koma dzanja langa, monga mukuonera pa tsamba lino, likukanabe kusiya "h".