Chaka chimene masiku khumi adasowa pa kalendala

Anthu a ku Spain, Portugal, Poland ndi madera ambiri a ku Italy adagona Lachinayi pa 4 Okutobala 1582, koma kutacha lidali Lachisanu pa 15 Okutobala. Masiku khumi adadumphidwa molamulidwa ndi Papa Gregory XIII. Sisitere wotchuka wa ku Spain, Teresa wa ku Avila, adamwalira usiku womwewo, ndipo mpaka lero Mpingo wa Katolika umamukumbukira pa 15 Okutobala.

Gwero la nkhaniyi ndi kalendala imene Julius Caesar adakhazikitsa ku Roma m'chaka cha 45 Yesu asanabadwe. Kalendalayo inkawerengera kuti chaka chili ndi masiku 365 ndi maola 6, pomwe nyengo zimabwereza pakatha masiku 365, maola 5 ndi mphindi pafupifupi 49. Kusiyana kwa mphindi 11 kumaoneka kochepa, koma pa zaka 128 zilizonse kunkakwana tsiku lathunthu.

Mpingo udada nkhawa chifukwa cha Pasaka. Tsiku la chikondwererochi limawerengedwa kuchokera pa 21 Malichi, pamene usana ndi usiku zimafanana kutalika. Pofika zaka za m'ma 1500, kufananaku kunkachitika cha pa 11 Malichi, kusonyeza kuti Pasaka inkachoka pang'onopang'ono pa nyengo yake.

Potsatira maganizo a dotolo Aloysius Lilius, Papa adachotsa masiku khumiwo n'kuika lamulo loti vutolo lisabwererenso. Chaka chachinayi chilichonse chidapitiriza kukhala ndi 29 Febuluwale, kupatula zaka zothera ndi maziro awiri zimene sizigawika ndi 400. N'chifukwa chake 2000 idali ndi tsikuli pomwe 1900 idalibe.

Mayiko omwe sadali pansi pa Papa adayamba akana. Dziko la Britain lidagonja mu 1752, ndipo pamenepo masiku otsalira adali atafika 11: Lachitatu pa 2 Seputembala lidatsatidwa ndi Lachinayi pa 14 Seputembala. Chipsera chake chikuonekabe, poti chaka cha misonkho, chomwe kale chinkayenderana ndi 25 Malichi, lero chimayamba pa 6 Epulo.

Dziko la Sweden lidayesa kusintha pang'onopang'ono, koma zitasokonekera lidabwerera ku kalendala yakale poika tsiku la 30 Febuluwale mu 1712. Dziko la Russia lidadikira mpaka 1918, ndipo n'chifukwa chake kulanda boma komwe kumatchulidwa ndi dzina la Okutobala 1917 kunkakumbukiridwa pa 7 Novembala.

Kalendala ya Gregory ndi imene Amalawi amayendera polandira malipiro, polipira lendi ndi polemba tsiku lobadwa. Lamulo lake lidzaonekeranso mu 2100, chaka chimene sichidzakhala ndi 29 Febuluwale. Mwana wodzabadwa pa 29 Febuluwale 2096 adzadikira mpaka 2104 kuti aone tsiku lake lobadwa pa kalendala.