Ndege Ikakana Kutulutsa Miyendo

Ndili mwana tinkakhala kufupi ndi Chileka, ndipo tikaweruka kusukulu tinkathamangira kumpanda wa bwalo kukaonerera ndege. Anzanga ankakonda phokoso, koma ine maso anga ankakhala pa matayala. Ndege ikangonyamuka, inkapinda miyendo n'kuibisa m'mimba ngati nkhunda. Tsiku lina ndinawafunsa malume kuti, "Nanga miyendoyo ikakana kutuluka, anthuwo amatsika bwanji?" Iwo anangoseka, amvekere, "Iwe mphwanga, umaganiza zoopsa bwanji?" Yankho ndinadzalipeza nditakula, m'mbiri ya ndege, ndipo silinali limene ndinkayembekezera.

Ndege zoyambirira zinalibe vuto limeneli chifukwa matayala ake ankangolendewera kunja ulendo wonse. Koma akatswiri anaona kuti matayala otere amalimbana ndi mphepo, motero amachepetsa liwiro ndi kudyetsa mafuta. M'chaka cha 1930 kampani ya Boeing ku America inaulutsa ndege yotchedwa Monomail, yopinda miyendo, ndipo mu 1931 kunabwera Lockheed Orion, kandege konyamula anthu 6. Liwiro linakwera ndithu, koma panabadwanso nkhawa yatsopano: chopindika chikhoza kukana kutambasuka. N'chifukwa chake opanga ndege anaikamo njira yapadera yotsitsira matayala makina akafooka, monga pampu ya pamanja kapena chopukusa, komanso timagetsi titatu tobiriwira touza woyendetsa kuti miyendo yonse yatsika ndipo yakhoma.

Kamodzi mwa timagetsi timeneti ndi kamene kanabweretsa maliro usiku wa pa 29 Disembala 1972. Ndege yaikulu ya Eastern Air Lines, yochokera ku New York, inkayandikira mzinda wa Miami pamene kagetsi ka tayala lakutsogolo kanakana kuyaka. Oyendetsa anasiya kutera n'kukazungulira pamwamba pa dambo lalikulu la Everglades. Onse anaika maso ndi manja pa kagetsiko, osazindikira kuti ndege yayamba kutsika pang'onopang'ono mumdima. Inakagwera m'dambomo, ndipo mwa anthu 176, okwana 101 anamwalira. Ofufuza anapeza kuti tayalalo linali litatsika bwinobwino. Chimene chinafa ndi babu chabe.

Patatha zaka zisanu ndi chimodzi, pa 28 Disembala 1978, zofananazo zinachitika ku Portland. Ndege ya United Airlines inazungulira pafupifupi ola lathunthu oyendetsa ake akusinkhasinkha za matayala, mpaka mafuta anatha. Inagwera m'dera lokhala anthu, ndipo 10 mwa anthu 189 amene anali m'ndegemo anamwalira. Ngozi ziwirizi zinasintha maphunziro a oyendetsa ndege, zazikulu ndi zazing'ono zomwe. Lamulo linatsindikidwa lakuti vuto likagwa, choyamba yendetsa ndege, chachiwiri dziwa kumene uli, chachitatu lankhula ndi a pansi. Tayala libwere pambuyo.

Komabe mtima wa munthu sufuna kutaya chuma. Mu 1985, ku St. Augustine m'chigawo cha Florida, kandege ka mtundu wa Piper kanatsitsa miyendo iwiri, wachitatu n'kukanirira. Anzake a woyendetsayo anatenga galimoto yotseguka padenga n'kuithamangitsa pamsewu wa ndege, kandegeko kakuuluka pamwamba pawo penipeni. Makaniko anaimirira m'galimotomo, nagwira tayala lija, nalikoka mpaka linatsika. Zithunzi zake zinafala m'maiko ambiri ndipo anthu anaomba m'manja. Ine ndikaziona thupi limachita tsembwe. Miyoyo ya anthu angapo inaikidwa pachiswe pofuna kuti mimba ya ndege isakalike. Mphepo ikanangokankha pang'ono, bwenzi tikusimba zina.

Nkhani imene inandiyankha funso la ubwana lija mokwanira ndi ya pa 13 Meyi 2024, ku Newcastle m'dziko la Australia. M'mawa wa tsikulo kandege ka injini ziwiri ka mtundu wa King Air kananyamuka kupita ku Port Macquarie, ulendo wosakwana ola limodzi. Munali anthu atatu: woyendetsa, Peter Schott wa zaka 53, ndi apaulendo awiri achikulire. Atangonyamuka, matayala anavuta, ndipo zoyesayesa zonse sizinaphule kanthu.

Bamboyu sanathamangire pansi. Anazungulira mlengalenga pafupifupi maola anayi, nyengo ili ya mitambo ndi mvula. Wina angafunse kuti, ankadikira chiyani? Kandege kotere kalibe njira yotayira mafuta, tsono njira yokhayo yowachepetsera ndi kuwatentha pouluka. Mafuta akachepa ndege imapepuka, imatha kutera pa liwiro locheperako, ndipo chitsulo chikamakhuzana ndi msewu n'kuthetheka, moto supeza chakudya chambiri. Maola amenewo anapatsanso mpata ozimitsa moto ndi a ambulansi kuti akonzeke. Kusiyana kwake ndi za ku Portland n'kwakuti iye ankawerenga mafuta ake, ndipo nthawi yotsika anaisankha yekha.

Dzuwa litangopendeka pang'ono, kandegeko kanatsika, mapiko ali chimodzimodzi, n'kugona ndi mimba pamsewu. Kanakwawa kamtunda ndithu, kenaka kanaima. Chitseko chinatseguka, ndipo anthu atatu aja anatuluka akuyenda okha, popanda wovulala. Amene anasonkhana kunja kwa mpanda, monga tinkachitira ife ku Chileka, anakuwa ndi chimwemwe.

Ndikaika nkhani zinayizi pamodzi, ndimaona kuti tayala lokana kutsika silipha anthu kawirikawiri. Ndege yaing'ono ikatera ndi mimba pamalo osalala, zimene zimaonongeka ndi mapulopela, injini ndi malata a pansi, zinthu zogulika ndi ndalama. Chimene chinapha anthu ku Everglades ndi ku Portland ndi maganizo omatirira pa vuto laling'ono mpaka kuiwala lalikulu. Wa ku Newcastle anavomera msanga kuti ndege iwonongeka, ndipo atavomera, mutu wake unatsala ndi ntchito imodzi yokha, yopulumutsa anthu. Akuluakulu sananame ponena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Malume anatisiya kalekale, funso langa asanaliyankhe. Akanakhala moyo ndikanawapeza pakhonde n'kuwauza kuti, "Malume, ndamva tsopano. Miyendo ikakana, ndege imagona ndi mimba, ndipo anthu amatsika ndithu, bola woyendetsayo asaiwale kuti akadali m'mwamba."