Kodi galimoto yamagetsi imayenda mtunda wotani ikatchajidwa kamodzi?

Mtunda umene galimoto yoyendera magetsi imayenda batire lisanathe moto umadalira zinthu ziwiri: kukula kwa batire ndi kuchuluka kwa magetsi amene galimotoyo imadya panjira. Kukula kwa batire amakuyeza m'ma kilowatt-hour, mwachidule kWh. Galimoto zambiri za banja zimadya pakati pa 15 ndi 20 kWh pa makilomita 100 alionse. Choncho galimoto ya batire la 40 kWh, ngati ikudya 16 kWh pa makilomita 100, ingayende makilomita 250.

Mtunda umene makampani amalengeza umachokera pa mayeso a mu labotale, ndipo mayesowo ndi osiyanasiyana. Ku Ulaya amatsata a WLTP kuyambira mu 2017, ku America a bungwe la EPA, pomwe ku China ndi a CLTC, amene nthawi zambiri amapereka chiwerengero chokwera kuposa enawo. Mwachitsanzo, Nissan Leaf ya batire la 40 kWh inapeza makilomita 270 pa WLTP, koma pafupifupi 240 pa EPA.

Pamsewu weniweni, chimene chimathetsa moto msanga ndi liwiro. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu ya mphepo yolimbana ndi galimoto imawirikiza kanayi. Katundu wolemera, zitunda, matayala osapopa mokwanira komanso makina oziziritsa kapena otenthetsa m'kati zimachepetsanso mtunda. M'tauni galimotozi zimasunga moto bwino, chifukwa dalaivala akamachepetsa liwiro, mota imabwezera ena mwa magetsiwo m'batire.

Batire nalonso limafooka ndi zaka, makamaka kumadera otentha. N'chifukwa chake makampani ambiri amapereka chitsimikizo cha zaka 8 kapena makilomita 160,000 pa batire.

Zimenezi n'zofunika kwa ogula galimoto zogwiritsidwapo kale ntchito. Kuchokera ku Lilongwe kukafika ku Blantyre pali makilomita oposa 300, kotero ngakhale Leaf ya 40 kWh yatsopano iyenera kutchajidwa panjira. Ya 24 kWh, imene inatuluka mu 2010, inkayenda makilomita 117 okha pa mayeso a EPA.

Musanalipire, onani thanzi la batire. Pa Leaf pamakhala timizere 12 tosonyeza mphamvu imene batire lingasunge, ndipo timizereto tikachepa, mtunda nawo wachepa. Pokonza ulendo wautali, werengerani mtunda wotsikirapo kuposa wolengezedwa, ndipo dziwiranitu malo otchajira.