Za Miono, Mbedza ndi Makoka a Makolo Athu

Ambiri a ife tiyesa kuti usodzi ndi nkhani ya anthu a kunyanja okha, pakuti dziko la Kasungu lidziwika ndi fodya. Koma tisaiwale kuti mitsinje ya Bua, Rusa ndi Dwangwa, pamodzi ndi madambo ace, inali kudyetsa Acewa ndiwo za nsomba kalekale, David Livingstone asanafike kwa Mwase m'caka ca 1863.

Cipangizo cacikuru ca kumtunda kuno cinali mono. Aphunzitsi azindikire kuti timati mono umodzi, miono iwiri. Ndipo munthu amachera mono madzulo, nauonjola m'mawa. Mono aluka ndi nsungwi kapena bango, ndipo pakamwa pace pamanka napanikiza ca m'kati, kotero kuti nsomba ikalowa siionanso njira yoturukira. Amuna ankachinga mtsinje ndi mpanda wa mitengo ndi udzu, nasiya mipata yoikamo miono. Mbedza inali ya anyamata, amene ankakola milamba ndi nyambo ya nyongolotsi. Mbedza igwira nsomba imodzi imodzi, mwini ali cidikirire. Koma mono ugwira nchito mwini ali m'tulo. Njira yacitatu inali katupe: m'cilimwe anthu ankasinja masamba a mthuthu nawathira m'maiwe, ndipo zinali kufa nsomba zonse, zazikuru ndi tiana tomwe.

Ku Nkhotakota, kumene Bua athira m'nyanja, asodzi ankakoka khoka. Cingwe cace ankacipota pa nchafu ndi luzi la zomera monga bwazi, ndipo nchitoyo inali ya miyezi. Khoka lotere likagona lonyowa linali kuola msanga. Cifukwa cace ankaliyanika tsiku ndi tsiku, kusoka pong'ambika, ndi kuliviika m'madzi a makungwa kuti lilimbe. Mononso unafuna cisamaliro: madzi akaphwa, mwini ankabwezera nsungwi zothyoka, naupacika pamwamba pofika utsi, kuopa ciswe.

M'caka ca 1939 Bertram, Borley ndi Trewavas anafufuza za usodzi wa m'nyanja yathu, ndipo anapeza makoka a luzi ali kugwirabe nchito. Citapita caka ca 1950 anafika maukonde a nayiloni, osaola, osafuna kupota. Asodzi anakondwera, pakuti thukuta linacepa. Koma ukonde wosaola ugona m'madzi usiku uli wonse, ndipo nchila, imene inali yocuruka ndi kukwera mitsinje kukaswana, inasowa m'zaka zowerengeka. Mpasa ikwerabe Bua nyengo ya dzinja, koma siicurukanso monga kale.

Lamulo la usodzi la 1997 linaletsa kupha nsomba ndi mankhwala. Koma m'madambo muli mdani wina, ndiye ukonde wa udzudzu, umene ena akokera matemba. Maso ace ndi ang'ono kwambiri, kotero kuti ngakhale kansomba kongoswa kumene sikapulumuka. Pamene mono wolukidwa motakasuka ulola tiana kupyola.

Tsono tipempha aphunzitsi kuti afunse akuluakulu a m'midzi yao maina a zigawo za mono ndi kalukidwe kace, nawalembe, pakuti odziwa ali kutha. Pophunzitsa ana mau amenewa, awauzenso cifukwa cace mpanda suyenera kutseka mtsinje wonse pamene nsomba ziri kukwera ndi mazira.