Akazi m'Makanema a za Mtsogolo

Pali mtundu wina wa makanema umene ana aukonda koposa, ndiwo wosimba za maulendo a kumwezi, za makina oyenda ngati anthu, ndi za masiku alinkudza. Tiyeni tione umo anaonetsera akazi m'menemo kuyambira kale, pakuti cimene mwana aciona kawirikawiri aciyesa coonadi.

M'caka ca 1902 Mfalansa wina, dzina lace Georges Méliès, anapanga kanema wa ulendo wa kumwezi. Apaulendowo anali amuna okhaokha. Nchito ya atsikana inali kukankhira mumfuti yaikuru cipolopolo cimene amunawo analowamo, natsala pansi alikugwedeza zipewa.

M'caka ca 1927 ku Jeremani Fritz Lang anaturutsa kanema wochedwa Metropolis. M'menemo muli namwali wofatsa, Maria, wolangiza anchito osauka kuti apirire. Tsono munthu wina wanzeru anaumba makina m'cifanizo ca namwaliyo, ndipo makinawo anabvina pamaso pa amuna, nautsa cipolowe m'mudzi, kufikira anthu anawatentha pamoto. Motero mkazi anampatsa mipando iwiri yokha: wofatsa woyembekeza mpulumutsi, kapena wonyenga woyenera moto. Codabwitsa ncakuti wolemba nkhaniyo anali mkazi, Thea von Harbou. Mwambo ukazika mizu, ngakhale oponderezedwa nawo autsata.

Cizolowezico cinakhalitsa. Cithunzi coitanira anthu ku kanema wa Forbidden Planet m'caka ca 1956 cinaonetsa cimunthu cacitsulo citanyamula mkazi wokomoka, cinkana m'kanemamo mulibe zotere.

Koma zocitika zinatsogolera zopeka. M'caka ca 1963 Valentina Tereshkova wa ku Soviet Union anazungulira dziko lapansi maulendo 48, ali yekha m'combo cace. Kuyambira 1966 Nichelle Nichols, mkazi wakuda wa ku Amerika, anaoneka pa wailesi yakanema m'sewero la Star Trek monga mmodzi wa akapitao a combo. Mwa ana oonerera munali Mae Jemison, amene m'caka ca 1992 anakhala mkazi wakuda woyamba kupita mumlengalenga. Iye mwini anacitira umboni kuti seweroli linamlimbitsa mtima. Ndipo m'kanema wa Alien wa 1979, anzace onse ataphedwa ndi cirombo, wotsala ndi kucigonjetsa anali mkazi, Ripley. Olemba ace anali atanena poyamba kuti mbali za apaulendowo akhoza kuzisewera amuna kapena akazi.

Tiphunzirapo ciani? Cithunzi ciri mphunzitsi wopanda coko, ndipo ciphunzitsa ngakhale sitinacipemphe. Mtsikana woona akazi akungolira ndi kunyamulidwa adzayesa kuti nzeru ndi za alongo ace. Mnyamatanso adzayesa comweco, ndipo ndiye adzakhala mwamuna wa mwana wa mnzathu. Akuru anati kuongola mtengo mpoyamba. Cifukwa cace, ana athu akabwera koonera kanema, tiwafunse kuti: "Nanga mkazi uja anacita ciani?" Akayankha kuti anangokuwa, tiwauze za Tereshkova ndi Jemison.