Zimene Ubweya wa Mphaka Umanena, ndi Zimene Anthu Amaunamizira

Pa intaneti pali nthabwala imene sikalamba. Munthu amajambula mphaka wamkazi atagona m'katoni, ana asanu akuyamwa: wina wakuda bii, wina wa olenji, wina wamizeremizere, wina wotuwa, wina wamawanga a mitundu itatu. Pansi pa chithunzicho amalembapo kuti mayiyu ndi woyendayenda, abambo a ana akewa ndi mudzi wonse, ndipo ena amathirapo zolaula zimene sindingazilembe pano. Chithunzicho chimayenda pa Facebook ndi pa WhatsApp, anthu n'kumaseka. Ine nthabwala imeneyi imandiwawa, chifukwa maganizo amene ali pansi pake, akuti mwana wosafanana ndi bambo ndi umboni wa chigololo, sathera pa amphaka okha.

N'zoona kuti mphaka wamkazi akhoza kukweredwa ndi amphaka aamuna angapo pa nyengo imodzi, ana a mimba imodzi n'kukhala ndi abambo osiyana. Koma ana asanu a m'katoni aja akhozanso kukhala a bambo mmodzi onsewo. Kuti timvetse mmene zimenezi zimachitikira, tikufunika mawu ochepa chabe a sayansi ya chibadwa.

Mawu oyamba ndi jini. Pano sitikunena majini a mizimu ayi. Jini ndi kachigawo ka DNA kokhala ndi malangizo a ntchito inayake m'thupi, ndipo majini amakhala atandandalika pa timaulusi ta m'maselo totchedwa ma chromosome. Mphaka ali ndi ma chromosome 38, munthu ali ndi 46, theka lochokera kwa mayi, theka kwa bambo. Motero pafupifupi jini iliyonse ili ndi makope awiri, ndipo makopewo akhoza kusiyana. Gregor Mendel, wansembe wa ku Brno amene anafalitsa kafukufuku wake wa nsawawa mu 1866, ndiye anaonetsa kuti makope awiriwa sakhala ndi mphamvu zofanana. Pali kope limene limaonekera ngakhale lili lokha, lotchedwa dominant. Pali lina, lotchedwa recessive, limene limabisala mwakachetechete mwina kwa mibadwo ingapo, mpaka tsiku limene mwana walilandira kuchokera kwa makolo onse awiri.

Utoto wa ubweya umatchedwa melanin, ndipo mwa amphaka ulipo wa mitundu iwiri yokha: eumelanin, wakuda kapena wabulauni, ndi pheomelanin, wofiirira kapena wachikasu. Maonekedwe ena onse amabwera chifukwa cha kumene utotowo waikidwa, kuchuluka kwake ndi mmene wamwazikira. Mwachitsanzo, jini yotchedwa MLPH ikakhala ndi makope awiri osagwira bwino ntchito, utoto umaunjikana timibulutimibulu m'kati mwa ubweya m'malo mofalikira mofanana, ndipo wakuda uja amaoneka wotuwa. Oweta amphaka amati mphaka wotere ndi dilute. Amphaka awiri akuda bii, onse atabisa kope limodzilimodzi, akhoza kubala kamwana kotuwa, ndipo mwayi wake ndi umodzi mwa inayi kwa mwana aliyense.

Mphaka wamizeremizere, amene amamutcha tabby, ndiye ali ndi chovala chakale kwambiri. Mukatola kaubweya kamodzi kochokera pakati pa mizere yake yakuda n'kukayang'ana padzuwa, mupeza kuti sikali ka mtundu umodzi. Kali ndi timagawo, pena pakuda, pena pachikasu, kunsonga pakudanso. Jini yochititsa zimenezi imatchedwa agouti, ndipo ntchito yake ndi kusinthasintha utoto ubweya ukamakula. Chovala chimenechi ndi cha vumbwe yemwe uja amene amagwira nkhuku m'midzi mwathu. Dzina lake la sayansi ndi Felis lybica, ndipo amphaka onse oweta padziko lapansi anachokera ku mtundu umenewu. Ku Cyprus kunapezeka manda a zaka pafupifupi 9,500 momwe munthu anaikidwa pafupi ndi mphaka. Tsono mphaka wakuda bii ndi tabby amene makope ake onse awiri a agouti sagwira ntchito. Mizere ilipo, yangokwiririka, ndipo kamwana kakuda kakagona padzuwa nthawi zina mizereyo imaoneka pang'onopang'ono m'miyendo ndi kumchira. Amene amagenda mphaka wakuda usiku pomuganizira za ufiti amagenda nyama yosiyana ndi inzake pa jini imodzi yokha.

Nkhani ya makope obisala imafika pamtima tikafika pa mphaka wa Siamese, wa thupi loyererako koma nkhope, makutu, miyendo ndi mchira zakuda. Jini yake yopanga tyrosinase, chinthu chimene thupi limagwiritsa ntchito poyamba kupanga melanin, inasintha mwakuti imagwira ntchito pozizira pokha. Ana a Siamese amabadwa oyera mbee chifukwa m'mimba mwa mayi n'mofunda paliponse, kenako mbali zozizira za thupi zimayamba kuda. Dokotala wa ziweto akameta malo ena pochita opaleshoni, ubweya wophukira pamenepo nthawi zambiri umabwera wakuderako, chifukwa khungulo linazizira. Umenewu ndi mtundu wina wa chialubino. Mwa anthu, jini yomweyi ya tyrosinase imachititsa mtundu wina wa khungu lachialubino, ngakhale kuti mtundu wofala mu Africa muno umachokera ku jini ina yotchedwa OCA2. Yonse iwiri ndi recessive. Mwana wachialubino amabadwa pokhapokha mayi ndi bambo onse atapereka kope lawo. Kalembera wa 2018 anapeza anthu achialubino oposa 134,000 m'Malawi, ndipo si zachilendo kumva za mayi amene anasiyidwa ukwati, akunenedwa kuti anayenda njira, chifukwa chobala mwana wotere. Bambo wothawayo amakhala kuti wanyamula theka la nkhaniyo m'magazi mwake. N'chifukwa chake nthabwala ya mphaka wa m'katoni sindiiona ngati yaing'ono.

Mtundu wa olenji uli ndi malamulo akeake, chifukwa jini yake ili pa chromosome ya X. Mphaka wamkazi ali ndi ma X awiri, wamwamuna ali ndi X imodzi ndi Y. Wamwamuna akalandira X ya olenji kwa mayi ake, basi, wakhala wa olenji. Wamkazi amafunika kulandira ziwiri, ina kwa mayi, ina kwa bambo. N'chifukwa chake pa amphaka khumi a olenji, pafupifupi asanu ndi atatu amakhala aamuna. Asayansi anadziwa kalekale kuti jiniyi ili pa X, koma kuipeza yeniyeniyo kunatenga nthawi yaitali. Mu 2025 magulu awiri, la Greg Barsh ndi Christopher Kaelin ku yunivesite ya Stanford ndi la Hiroyuki Sasaki ku yunivesite ya Kyushu ku Japan, anafalitsa zotsatira zofanana m'magazini ya Current Biology: amphaka a olenji akusowa kachidutswa ka DNA ka zilembo pafupifupi 5,000 mu jini yotchedwa ARHGAP36. Kusowa kwa kachidutswaka kumachititsa jiniyo kuyaka m'maselo opanga utoto, momwe siyenera kuyaka, ndipo maselowo amasiya utoto wakuda n'kuyamba wofiirira.

Pa intaneti amphaka a olenji amasekedwa kuti ndi zitsiru, akuti onse padziko lapansi amabwerekana selo limodzi la ubongo. Gulu la ku Stanford linayeza mmene jiniyi ikugwirira ntchito m'ziwalo zina, kuphatikizapo ubongo, ndipo silinapeze kusiyana pakati pa amphaka a olenji ndi anzawo. Ngati amphakawa amaoneka olimba mtima ndi osasamala, chifukwa chapafupi n'chakuti ambiri mwa iwo ndi aamuna.

Nanga wamkazi amene walandira X imodzi ya olenji, ina yopanda olenji? Apa m'pamene pali chinthu chokongola kwambiri m'nkhani yonseyi. Mu 1961 Mary Lyon, wasayansi wa ku Britain amene ankafufuza mbewa ku Harwell, anafotokoza kuti mwa nyama zazikazi zoyamwitsa selo lililonse limazimitsa X imodzi mwa ziwirizo mwana asanaumbike bwino m'mimba. Kuzimitsa kumeneku kumatchedwa X-inactivation. Selo lina limazimitsa ya kwa mayi, lina ya kwa bambo, mwachisawawa, ndipo maselo onse obadwa kuchokera ku selo limenelo amatsata zomwezo. Pa mphaka zotsatira zake zimaoneka ndi maso: chigamba cha olenji apa, chakuda apo. Mitunduyi ikasakanizika mothinana, mphakayo amatchedwa tortoiseshell. Pakakhalanso zoyera, ndipo mawanga n'kukhala aakulu ndi omveka malire, amatchedwa calico. Mayi aliyense, mlongo aliyense, thupi lake linapangidwa mwa njira yomweyi, kungoti pa munthu zigambazo sizioneka.

Umboni wake wosaiwalika ndi mphaka wotchedwa CC, amene anabadwa pa 22 Disembala 2001 ku yunivesite ya Texas A&M. Anali mphaka woyamba kupangidwa kuchokera ku selo la mphaka wina, wotchedwa Rainbow, amene anali calico. DNA yawo inali imodzimodzi, koma CC anatuluka wamizere yabulauni ndi zoyera, wopanda banga la olenji ngakhale limodzi. Ngati mphaka angasiyane chonchi ndi mnzake wa majini ofanana ndendende, kuyang'ana ubweya n'kuloza chala mayi n'kupanda nzeru.

Calico wamwamuna amapezeka mwa apo ndi apo. Chiwerengero chimene chimatchulidwa kawirikawiri ndi mmodzi pa 3,000. Ena mwa iwo ali ndi ma chromosome XXY ndipo nthawi zambiri sabereka. Chithunzi cha mphaka wotere chikafika pa intaneti, nthabwala zimathamangira kumaliseche, akuti si mwamuna weniweni. Olembawo sadziwa kuti XXY iliponso mwa anthu. Imatchedwa Klinefelter syndrome, inafotokozedwa koyamba mu 1942, ndipo imapezeka mwa mwana wamwamuna mmodzi pa ana 500 mpaka 1,000. Ena mwa amene amawerenga nthabwalazo ndi amuna amene anamva mawu amenewa kwa dokotala atapita ndi akazi awo kukafufuza chifukwa chimene pakhomo palibe mwana.

Ubweya woyera umasiyana ndi mitundu ina yonseyi, chifukwa pamalopo palibe utoto uliwonse. Maselo opanga utoto amayambira kumsana kwa mwana wosabadwa n'kumayenda kutsikira kumimba, kuchifuwa ndi kumapazi. Jini yotchedwa KIT ikasintha, ulendowo umathera panjira, ngati madzi a m'ngalande amene sanafike kumapeto kwa dimba. N'chifukwa chake zoyera zimakonda kukhala pachifuwa, pamimba ndi kumapazi. Kusintha kwina kwa jini yomweyi, komwe ndi dominant, kumayeretsa thupi lonse. Maselo omwewa amafunikanso m'kati mwa khutu, ndiye amphaka ambiri oyera a maso abuluu amabadwa osamva, chinthu chimene Charles Darwin anachitchula kale mu 1859. Mavidiyo ena oseketsa amaonetsa mphaka woyera ali mtulo, anthu akumenya ziwiya pafupi naye, iye osadzuka, kenako wina n'kumugwira mwadzidzidzi kuti adumphe. Mphaka ameneyo si waulesi, samva. Woweta mphaka wotere azimufikira kutsogolo kuti amuone, azigogoda pansi pomudzutsa kuti amve kunjenjemera, ndipo asamusiye pafupi ndi msewu chifukwa galimoto saimva. Dzuwa likaswa mtengo azimulowetsa m'nyumba, pakuti makutu ndi mphuno zopanda utoto zimapsa msanga, ndipo khansa ya pakhungu mwa amphaka oyera imakonda kuyambira kunsonga za makutu.