Makina osungira ndalama ndi pulogalamu yogulitsira: choyenera sitolo yaing'ono ku Maravia

M'masitolo ang'onoang'ono ndi m'mabaraka a m'boma la Maravia, m'chigawo cha Tete, malonda nthawi zambiri amalembedwa m'kabuku. Koma katundu akachuluka, kapena mwini akalemba wantchito woti azigulitsa, kabuku kamayamba kuperewera. Apa pamakhala zida ziwiri zoti asankhepo: makina osungira ndalama, omwe pa Chipwitikizi amatchedwa caixa registadora, ndi pulogalamu yogulitsira ya pa foni, tabuleti kapena kompyuta.

Makina osungira ndalama

Makinawa ali ndi mabatani, dilowa yokhoma ndi pepala la lisiti. Amawonkhetsa mitengo, amawerengera chenji, ndipo madzulo amatulutsa chiwerengero cha ndalama zonse zolowa tsikulo. Amagulidwa kamodzi, safuna intaneti, ndipo wantchito amawaphunzira msanga. Komabe makina wamba sadziwa kuti pashelefu patsala sopo angati, kapena kuti watenga shuga pa ngongole ndani.

Pulogalamu yogulitsira

Pulogalamu imasunga dzina ndi mtengo wa katundu aliyense. Chinthu chikagulidwa, imachichotsa pa mndandanda, motero mwini amaona chomwe chikutha, chomwe sichikuyenda, ndi phindu lake. Yambiri imalembanso maina a angongole. Koma ina imalipiridwa mwezi ndi mwezi, ndipo imanama ngati katundu wobwera sanalowetsedwe. Pulogalamuyi ndi yosiyana ndi kamakina ka banki komwe anthu amakatcha POS: ako ndi kolandirira ndalama za pa khadi basi.

Zofunika kuziganizira ku Maravia

Choyamba ndi magetsi. Ngakhale nyanja ya Cahora Bassa ili kumwera kwa bomali, midzi yambiri yakutali ndi Fingoé imadalira sola. Foni imatha tsiku lonse ndi sola yaing'ono, pomwe makina ambiri amafuna magetsi osadukiza.

Chachiwiri ndi netiweki. Pulogalamu yoyenera kumudzi ndi yomwe imagwira ntchito popanda intaneti, n'kudzatumiza zolembedwazo netiweki ikapezeka. Popanda kutumizako, foni ikabedwa kapena kufa, kaundula yense wa ngongole amatayika.

Chachitatu ndi ngongole za alimi. Ambiri amatenga mchere, mafuta ndi sopo m'nyengo ya dzinja, n'kudzalipira akagulitsa fodya kapena chimanga. Sitolo yokongoza chonchi imafuna chida chosunga maina ndi masiku, ndipo makina wamba sangakwanitse zimenezi.

Chachinayi ndi mitundu ya ndalama. Kufupi ndi malire ena amalipira ndi kwacha ya Zambia, ena amatumiza pa M-Pesa, e-Mola kapena mKesh. Ndalama za pa foni sizilowa m'dilowa, choncho zikapanda kulembedwa padera, masamu a madzulo sagwirizana ndipo wantchito amaganiziridwa kuba. Za kwacha zizisinthidwa n'kulembedwa mu metikali tsiku lomwelo.

Chachisanu ndi kukonza. Wogula afunse komwe mapepala a lisiti amapezeka ndi yemwe angakonze chidacho, chifukwa ulendo wa ku mzinda wa Tete ndi wautali.

Za msonkho

Wamalonda wolembetsedwa amakhala ndi nambala ya NUIT. Msonkho wa amalonda ang'onoang'ono, ISPC, udakhazikitsidwa mu 2009 ndipo umadalira kuchuluka kwa malonda, choncho kaundula wolondola amateteza mwini. Amene amapereka fatura ya IVA, yomwe idatsika kufika pa 16 peresenti mu 2023, ayambe wafunsa ku Autoridade Tributária ngati chidacho n'chovomerezeka asanachigule.

Kusankha kwake

Mwini aone kaye pomwe ndalama zake zikutayikira. Ngati vuto ndi ndalama zosowa m'dilowa, ndipo magetsi alipo, makina akwanira. Ngati vuto ndi katundu wosowa ndi ngongole zoiwalika, pulogalamu ya pa foni ndiyo ingathandize. Pomwe mwini amagulitsa yekha katundu wochepa, kabuku kolembedwa bwino tsiku ndi tsiku n'kokwanirabe.